Matabwa a m'zitseko za galimoto yakale

Mayi wina wamasiye anawayang'anitsitsa koyamba bambo wa m'galaja m'mawa wina akuyanika zovala. Bambowo ankachita lendi galaja ya malemu mwamuna wake, koma mayiyo ankangowapatsa moni maso ali pansi. Tsikulo anawaona atagwira ketulo yowira, ataloza mlomo wake pa thabwa lopindika ngati nthiti, nthunzi ikuwanyowetsa nkhope. N'chifukwa chake mumsewumo ankawatcha a Ketulo.

Ntchito yawo inali ya m'kati mwa galimoto: kusoka mipando, kumata nsalu ya kudenga, kuwongola matabwa a m'zitseko. Anaiphunzira ali mnyamata ndipo analerera nayo ana. Kenako kunadza magalimoto a pulasitiki yokhayokha, oti chikasweka n'kutaya. Makasitomala anatha mmodzimmodzi ngati mano a nkhalamba.

Galimoto imene inali m'galajamo inali yakalekale, ya bwana wina wogulitsa matayala. Inavumbidwa zaka zambiri mpaka matabwa ake onse anapotoka. Bwanayo anati ikakongola, anzake okonda magalimoto akale adzabweretsa awo. Moyo wa a Ketulo unatsamira pa mawu amenewo.

"Mayi, tabwerani mundigwirire apa," anatero atamuona. "Sindiluma, mano ake ati?"

Mayiyo anaseka chakumbali n'kugwira. Kuyambira apo ankabwera akamaliza zapakhomo. Ankawaona akufewetsa thabwa ndi nthunzi, kuligoneka pa tebulo, kulitsendereza ndi njerwa, n'kulisiya pamthunzi kuti liume lokha.

"Thabwa lili ngati apongozi," ankatero. "Ukawafulumiza, amakuchititsa manyazi pagulu."

Matabwawo asanaume, bwana anatulukira. Mwana wake wamkazi anali kukwatiwa Loweruka, ndipo ankafuna akakwere galimotoyo.

"Madala, mukukonza galimoto kapena mukuphika nyemba?"

"Bwana, m'katimu mudakali chinyontho."

"Muwaike lero. Apo ayi ndikaipereka kwa anyamata a m'tauni."

A Ketulo anasisita thabwa ndi chikhatho. Kenako anayamba kuchotsa njerwa. Mayiyo anawathandiza kunyamula.

Tsiku la ukwati galimoto inaima padzuwa, magalasi otseka, mpaka mwambo kutha. Matabwa anapotokanso, kubwerera mwakale. Lina linang'aluka pakati, n'kukola diresi la mkwatibwi potuluka, anthu onse akuona. Bwana sanabwere n'komwe kudzakalipa. Anangotuma dalaivala kudzaponya zidutswazo pageti.

Palibe galimoto ina inabwera. A Ketulo ankatsegulabe galaja m'mawa, kusesa, kunola lumo, n'kukhala pa mpando wosasoka akuyang'ana msewu. Mvula itayamba, mwana wawo anatumiza uthenga woti apite akakhale kwa iye, azikayang'anira zidzukulu.

Tsiku lonyamuka, zida zawo zonse zinakwana m'thumba limodzi. Mayiyo anaima pakhomo la galaja akupotokola nsonga ya mpango wake. Ankafuna kuwauza kuti akhale, kuti pakhomopo pankamveka ngati pali anthu chifukwa cha kugogoda kwawo. Koma chimene chinatuluka ndi ichi:

"Abambo, galajayi palibe amene akuifuna."

A Ketulo anayang'ana m'katimo, nakoleka thumba paphewa.

"Ikanimo nkhuku, mayi," anatero. "Nkhuku zokha anthu sadzasiya kuzifuna."