Pulasitiki ya Mkamwini Mnzanga

Kwa zaka zambiri pamudzi pa apongozi anga panali injiniya mmodzi yekha, ndipo injiniyayo ndinali ine. Dzinalo sindinalitenge kusukulu ayi, poti sukulu ndinalekezera pomwe fizi inalekezera. Anandipatsa ndi apongozi aakazi, tsiku lomwe ndinawadzutsira wailesi imene inali itangoti zii kuyambira pa maliro a amuna awo. Ntchito yanga yeniyeni ndi yolondera pageti la fakitale ya tiyi, ntchito yosiyira munthu nthawi yambiri yowerenga. Ndiye ndinawerenga ndithu mabuku akale a zamagetsi omwe ankatayidwa ku kalabu ya mabwana, ena opanda chikuto, ena chiswe chitadya mutu woyamba wonse. N'chifukwa chake mpaka lero zinthu zambiri ndimazidziwa kuyambira pa mutu wachiwiri.

Mabolodi ndinkapanga ndekha. Bolodi ndi kathabwa kopyapyala kamene mumakaona mukatsegula wailesi, kokhala ndi tinjira ta mkuwa toyenda magetsi. Mukaligula limakhala lokutidwa mkuwa mbali yonse. Ine ndinkajambulapo tinjirato pamanja ndi penti wa zikhadabo wa akazi anga, kenako n'kuliviika m'mankhwala ofiirira ngati tiyi wopanda mkaka. Mankhwalawo amadya mkuwa wonse wosapakidwa penti, n'kusiya tinjira tokha. Tanga tinkatuluka tonenepa, tokhotakhota ngati msewu wa ku Thekerani, koma magetsi sasankha msewu. Ankadutsa.

Kenako mlamu wanga, mng'ono wa akazi anga, anakwatiwa. Amuna ake anali ochokera ku Kasungu, olembedwa ntchito ya zamagetsi pa esiteti ya tiyi yomweyi, a pamwezi, a satifiketi yopachika m'felemu. Esiteti inawapatsa nyumba ku malayini a akuluakulu, koma Loweruka lililonse ankabwera pamudzi, chipewa m'manja, kugwada popereka moni. Akanakhala amwano bwenzi zitandiphwekera. Koma ayi, munthu wake wofatsa, wonditchula kuti achimwene aakulu, wondipatsa mpando iye n'kukhala pa njerwa.

Tsiku lina anabwera ndi kabolodi koti akaike pa sola ya apongozi. Ndinakapempha ngati ndikungofuna kuona kulemera kwake. Tinjira take tinali toonda ngati ulusi, towongoka, tokhota pakona ngati mizere ya tiyi wodulira kumene. Apongozi anafunsa mwana wawo m'Chilomwe, kuti mkamwini watsopanoyo asamve, ngati kanthuko kanali kogula kusitolo. Mlamu anayankha kuti ayi, apanga okha. Apongozi anangoti, "Haa!" Mwini wake sanamve kanthu, anangomwetulira. Amene anamva zonse, mpaka ndi haa yemwe, ndinali ine.

Ndisananamizire kuti sindikufuna kudziwa, mkamwini mnzangayo anali atayamba kale kundifotokozera. Amajambula tinjira pa laputopu, n'kusindikiza pa pulasitiki yoonekera ngati galasi. Bolodi amalipopera mankhwala obiriwira oopa kuwala, n'kugonekapo pulasitiki ija, n'kuwalitsa. Akatsuka, mankhwalawo amatsala pokhapo pomwe panali mzere wakuda, ndipo amagwira ntchito ya penti wa zikhadabo uja.

"Eya, eya," ndinatero. "Ndinaziwerengapo zimenezo."

Ndinali ndisanaziwerengepo. Ziyenera kuti zinali m'mutu woyamba.

Mu Juni chimkuzamawu cha kwaya ya amayi a kumpingo kwathu chinapsa. Chinali chopanga ine, ndipo chinali chitaimba zaka zingapo osatsokomola. Panatsala milungu iwiri kuti makwaya a mipingo yozungulira akakumane ku Luchenza, ndipo woyambitsa nyimbo m'kwaya yathu ndi akazi anga. Nditatsegula ndinapeza bolodi lapsa pakati, lada ngati khala. Linkafunika latsopano.

"Abambo," anatero akazi anga ataima pakhomo ndi dengu lothyolera tiyi kumsana, "mukonza, kapena tiwauze bambo aang'ono?"

"Chinapanga ndani chimenechi?"

"Inu."

"Ndiye?"

"Ndiye ndangofunsa."

Ndikanatenga penti wa zikhadabo, ntchito ikanatha masiku awiri. Koma ndinali nditaona kale m'maganizo mwanga mkamwini mnzangayo akusuzumira m'chimkuzamawu, n'kuona misewu yanga ya ku Thekerani, n'kumwetulira mwaulemu. Ndinalumbira kuti nanenso ndipanga la pulasitiki.

Ndinakwera minibasi kupita ku Limbe, ku kasitolo kena ka zipangizo za mawailesi. Wogulitsa anatulutsa mitundu iwiri: mankhwala opopera, obiriwira aja, ndi filimu ya buluu yomata pa bolodi ndi simbi yositira. Opoperawo ndinawazindikira msanga, anali a mkamwini mnzanga. Ndinaloza filimu.

"Bambo, mukudziwa kusiyana kwake? Chifukwatu iyi imagwira mosiyana ndi—"

"Mwana wanga, ndinayamba zamagetsi iwe usanabadwe. Kulunga."

Anakulunga. Anandipatsanso mapulasitiki oonekera atatu.

Laputopu ndilibe, choncho ndinajambula tinjira papepala ndi rula, masiku atatu ndili pageti, kuti akandichitire fotokope pa pulasitiki. Mayi wa sitolo yoyamba ku Luchenza anayang'ana pulasitiki, n'kuyang'ana makina ake, n'kuyang'ananso ine.

"Pulasitiki m'makina mwangamu? Ikasungunukiramo, ana anga mukawadyetsa ndinu?"

Wa sitolo yachiwiri analola, koma inki yake siinaume. Pofika kunyumba pa kabaza, tinjira tonse tinali titasamukira pa malaya anga oyera. Wachitatu anasindikiza bwino, kungoti inki yake inali yotuwa. Nditakweza pulasitiki kumwamba, kuwala kunkadutsa m'mizere yakudayo ngati m'chitenje chakutha. Mapulasitiki atatu onse anathera pomwepo, ndi mlungu womwe.

Pamudzi sipabisika kanthu, makamaka ngati malaya oyera ayanikidwa ali ndi mizere. Lamlungu madzulo mlamu anatulukira ndi envulopu. Amuna ake anali ataona bolodi lopsa lija pakhonde panga, n'kulijambula pa foni, n'kukalilemba pa laputopu mwakachetechete.

"Alamu, akuti landirani. Akuti mubwere ndi bolodi lanu kuwekishopu, mankhwala ali nawo."

"Ndani wawauza kuti ndasowa?"

"Malaya anu, alamu. Mudzi wonse wawerenga."

"Kawauzeni kuti zikomo, koma injiniya sabwereka khasu."

"Iii, ndiye muzilima ndi zala? Achemwali, amuna anuwa muziwapatsa tiyi wa shuga wambiri, mtima wawawa."

Akazi anga sanaseke. Anatenga envulopuyo n'kuipisa m'buku lawo la nyimbo.

Lolemba mpaka Lachitatu kunali chiperoni. Nkhungu inkakwera m'minda ya tiyi mpaka geti la fakitale osaoneka bwino, ndipo ine ndinali wokondwa, chifukwa popanda dzuwa panalibe chowalitsira bolodi, ndiye vuto silinali langa. Lachinayi, tsiku langa lopuma, kunacha kuli ngwee. Akazi anga atapita kothyola, ndinazungulira nyumba kawiri, kenako ndinatsegula buku la nyimbo lija.

Pulasitiki imene inali m'envulopu ija ndimaikumbukirabe. Anali atasindikiza ziwiri n'kuzimata pamodzi kuti kuda kwake kukwane, mizere itagwirizana ndendende. Ndinaikweza padzuwa, osadutsa ngakhale kadontho ka kuwala. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali ndikufunafuna polakwika. Ndinadziuza kuti ndingoibwereka, ndiibwezera m'buku anthu asanaweruke, ndipo aliyense adzayesa kuti ndajambula ndekha.

Ndinatseka mawindo ndi bulangete, n'kukwecha mkuwa mpaka kunyezimira. Bolodi linali limodzi lokha, lomaliza. Ndinamata filimu ndi simbi ya makala, pang'onopang'ono, popanda kathovu. Ndinagonekapo pulasitiki, n'kupsinja ndi galasi lochotsa pa chithunzi cha ukwati wathu, n'kutulutsa panja. Ndinawerenga chamumtima monga linanenera pepala la m'paketi, n'kuthamangira nalo m'nyumba, n'kulitsuka m'madzi a soda. Chithunzi chinatuluka. Amayi ine! Mizere yakuthwa, yoonda, yowongoka ngati yake. Ndinavina pang'ono, ndisaname.

Munthu amene wapaka penti wa zikhadabo zaka zonsezo amadziwa kuti popakidwa ndi pomwe pamatsala mkuwa. Maso anga anaona kuti buluu ali m'mbali monse ndipo tinjira tili mbee, mkuwa uli pamtunda. Maso anaona, koma mwini maso anali kale ku Luchenza, akutsegula chimkuzamawu pamaso pa anthu. Bolodilo ndinaliponya m'mankhwala odya mkuwa aja.

Nditalivuula, mkuwa unali paliponse kupatula pomwe pankafunika mkuwa. Tinjira tonse tinali titadyedwa bwinobwino, mwaukhondo. Filimu ya buluu imagwira mosiyana ndi mankhwala opopera: iyo imalimba pomwe pafika kuwala, n'kutsukika pomwe panali pakuda. Imafuna pulasitiki yakeyake, yakuda m'mbali, yoyera m'tinjira. Ndi zomwe ankafuna kundiuza mnyamata wa ku Limbe uja.

Akazi anga anandipeza nditakhala pakhonde, bolodi m'manja, pulasitiki pamwendo, chithunzi cha ukwati chili chopanda galasi. Anatula dengu.

"Latheka?"

"Latheka, koma chagada."

"Liimba?"

"Ayi."

Anakhala pansi n'kuyamba kumasula pulasitiki yomwe amamanga m'chiuno pothyola. "Abambo, amayi aja akhala akuphunzira nyimbo miyezi iwiri. Ena amabwera osadya, molunjika kuchokera kumunda. Inu mukulimbana ndi munthu woti sakudziwa n'komwe kuti pali ndewu."

Mawu omalizawo ndi amene anandipweteka kwambiri. Ndewu yonseyi ndinkamenya ndekha, ndipo ndinkagonja.

Lachisanu pa nthawi ya nkhomaliro ndinapempha mnzanga kuti andigwirire geti, n'kupita kuwekishopu. Ndinaika bolodi patebulo. Mkamwini mnzanga analitembenuza, n'kuliyang'anitsitsa. Ndinkadikira kuti aseke, kuti ndipeze chomudera.

"Achimwene aakulu, mwawalitsa ndi chiyani?"

"Dzuwa."

"Dzuwa lokha? Mwamata ndi chiyani?"

"Simbi ya makala."

"Koma ndiye muli ndi dzanja. Filimu imeneyi ine inandikanika, imangochita thovu. Mukanandiuza kuti mwagula imeneyi, ndikanangotembenuza chithunzi pa laputopu, kudina kamodzi basi."

Kudina kamodzi. Ndinayang'ana kudenga.

Anatulutsa bolodi lake, n'kupopera, n'kuumitsa, n'kuwalitsa ndi kanyale kake, akucheza za mpira. Belu lobwerera kuntchito lisanalire, bolodi linali litatuluka. Anaboola timabowo, kenako anandikankhira chowotcherera.

"Zotsalazi malizani ndinu, chimkuzamawu n'chanu. Ine sindinachigwire."

Loweruka kwaya inaimba. Mawu a akazi anga anadzaza tchalitchi mpaka kukafika kwa ogulitsa nthochi kunja kwa mpanda. Ndinaima pafupi ndi chimkuzamawu, dzanja pamwamba pake, ngati chingathawe. Anthu ankandigwira chanza. Mkamwini mnzanga anali kumbuyo, atanyamula mwana wa munthu wina, akuomba nawo m'manja ndi dzanja limodzi pantchafu. Ndinamuyang'ana, n'kupeza kuti nsanje yanga yasamuka. Tinjira take ndinali nditamukhululukira. Tsopano ndinkamuchitira nsanje mtima.

Lamlungu tonse tinasonkhana pabwalo pa apongozi. Iwo anakhala pamphasa chapatali, monga amachitira pakakhala akamwini, n'kulankhula moyang'ana kumbali.

"Ndamva kuti injiniya wathu watichotsa manyazi ku Luchenza."

Mkamwini mnzanga anagwedeza mutu kuvomereza, akusenda chinangwa. Mlamu anandiyang'ana, milomo itafufuma ndi chiseko. Akazi anga ankayang'ana pansi. Palibe akanandiulula. Dzina linali langa, longofuna kutola. Koma ndinaona kuti ndikalitola, ndidzakhala ndikulilandira Loweruka lililonse kuchokera m'manja mwa munthu wokhala pa njerwayo.

"Amayi," ndinatero, "bolodi lija sindinapange ine. Langa linawonongeka. Anapanga ndi achimwenewa, ine ndinangowotcherera."

Apongozi anatafuna chinangwa chawo mpaka kumeza.

"Tinamva Lachisanu lomwelo," anatero. "Ndimafuna ndione ngati munena."

Mlamu anagwa chagada ndi phwete. Apongozi anaitana akazi anga n'kuwanong'oneza, ndipo akazi anga analowa m'nyumba n'kutuluka ndi zinthu ziwiri. Foni ya apongozi, yomwe inali itasiya kulowa moto, anakaipereka kwa mkamwini mnzanga. Kwa ine anabweretsa tochi.

"Akuti mabatire ndi atsopano, koma siikuyaka."

Ndinaitsegula pomwepo. Kasipuling'i kanali ndi dzimbiri. Ndinakapala ndi mpeni wosendera chinangwa, maso ali pa foni ija, imene mnzangayo anali ataitsegula kale pabondo pake.