Nyama Imene a Lackson Anagawa Isanalasidwe

Mukafika ku Walsall n'kufunsa Mmalawi aliyense kuti a Lackson Chimphepo ndi ati, akufunsani kuti, "Mukunena a Mlenje?" Dzinali linawamata kalekale, koma zoona zake n'zakuti chibwerereni ku England bambowa sanaphepo ngakhale mbewa. Ntchito yawo ndi yosamalira okalamba m'nyumba ina ya pafupi ndi pokwerera mabasi, kuwasambitsa, kuwadyetsa, kuwatembenuza pabedi. Ulenje unali pakamwa basi. Kutchalitchi kapena pamaliro, munthu akangolakwitsa kutchula nyama ndiye kuti wadziputira yekha. Amva za malemu bambo awo a Rapson, mlenje wa ku Kasungu, za agalu awo ndi mikondo yawo, mpaka tiyi kuzizirira m'kapu.

Chimene anthu sankadziwa n'chakuti maso a bambowa anali akutha. Dokotala anati ndi glaucoma, matenda odya maso kuyambira m'mbali. Kutsogolo ankaona bwinobwino, koma munthu akaima kumanja kwawo sankamuona. Galimoto anasiya kuyendetsa, n'kumauza anzawo kuti basi ndi yabwino chifukwa munthu umapumiramo. Odziwa zoona anali akazi awo okha, a Esnath, namwino pachipatala chachikulu, amene ankawadonthezera mankhwala m'maso m'mawa uliwonse.

Tsiku lina a Lackson ali pashifiti ya masana, akudyetsa agogo ena phala m'chipinda chochezera, pa TV panaoneka chidikha cha ku Wyoming, ku America. Dziko lopanda mtengo, udzu wofiirira kuyambira pamapazi mpaka kumene kwathera thambo. Pakati pake panaima nyama yonga mbawala, yoyera kumimba, ya nyanga zamphanda, eni ake amati pronghorn. Supuni inaima m'malere mpaka agogo aja anachita kuwakoka dzanja.

"Kuno maso sapita patali, mayi a Nicole," a Lackson anatero kwa akazi awo madzulo ake. "Ukadzutsa mutu ndi khoma, kuseri kwa khoma ndi khoma linanso. Ndikufuna ndione kutali kamodzi kokha, ndilase nyama imodzi, masowa asanatsekeke."

A Esnath ankaganiza kuti ndi zongolankhula monga mwa masiku onse. Aa, ayi ndithu! Bambo aja analowa kalabu yophunzirira kuwombera, Loweruka lililonse n'kumakwera mabasi awiri kupita kumeneko. Mnzawo wa kutchalitchi, a Levison a ku Chipata, anayesa kuwabweza kuti, "Mudala, nyama zili mbwee m'nkhalango ya Cannock pafupi pompa, muvutikiranji?" A Lackson anangoseka. Nyama yozolowera kuona agalu ovala majuzi, imeneyo n'kuisaka?

Vuto linali kupeza woperekeza. Mlendo sangangotsika ndege n'kuyamba kulowa m'minda ya eni ake, amafunika munthu wa konko wodziwa malo, womubwereka mfuti ndi pogona. Chilolezo chosakira nachonso amachita kuponyera maere, ndipo mayina amasiya kulandira kumapeto kwa Meyi. Polembetsa uyenera kutchula dera limene ukasakeko, ndipo wokuuza deralo ndi woperekezayo. A Lackson ankadziwa kuti akaphonya chaka chino, chaka chamawa maso sadzawadikira.

Woyamba amene analankhula naye anawalonjeza kuti nyama apha ndithu. Akawaika m'kanyumba pafupi ndi pomwera madzi, pampando wofewa, nyama idzabwera yokha. A Lackson anadula foni atapsa mtima. Kumeneko n'kupha mbuzi m'khola! Wachiwiri anangokhalira kutama nyanga, kuti kwake kuli zazitali kuposa kwa wina aliyense, mpaka a Lackson anafunsa kuti kodi nyangazo amadya ndani. Wachitatu anali bambo wina wachikulire, Osborne, amene ankagwira ntchitoyi ndi mkazi wake basi. Mameseji ake anali aafupi, opanda shuga. Anati kwake amayenda pansi tsiku lonse, pena kukwawa chamimba paminga, ndipo nyama ikhoza kukuthawa chifukwa imaona munthu ali kutali kwambiri. A Lackson atawerenga anati, "Uyu ndiye mlenje." Anagwirizana zolankhulana pa vidiyo Lamlungu masana, kutatsala masiku ochepa kuti mwezi uthe.

Lamlungu lomwelo m'mawa ndi pamene a Lackson anachita chimene chinadzawamanga. Kwawo kwa a Lackson mlenje sankanyamuka chinunu. A Rapson asanalowe m'tchire ankaima pabwalo n'kugawiratu nyama, mwendo wa uje, nthiti za uje, chiwindi cha mayi wa pakhomo. Ankati nyama imabwera kwa mlenje amene ali ndi anthu omuyembekezera, ndipo wopha n'kudyera kutchire komweko si mlenje koma fisi. Mwana wawo anakula nazo zimenezi m'magazi. Choncho mapemphero atatha, anthu akumwa tiyi m'holo, a Lackson anaimirira n'kugogoda kapu ndi supuni.

"Abale, mu Okutobala ndikupita kukasaka ku America. Abusa, mwendo wakumbuyo ndi wanu. Amayi a chigwirizano, nthiti. Atsikana athu obwera kumene aja, amene mukudyera mabisiketi kumashifiti, msana wonse ndi wanu. Chiwindi musachiyang'ane n'komwe, chili ndi mwini wake."

Anthu anaomba m'manja, amayi ena nthungululu. A Levison anakuwa kuti, "Nanga ine, mudala?"

"Inu mapazi, a Levison, poti mumakonda kuyendayenda!"

Holo yonse inaseka. Amene sanaseke ndi a Esnath. M'basi pobwerera anangoyang'ana pawindo, chikwama pamiyendo. Analankhula atatseka chitseko cha kunyumba.

"Bambo a Nicole, za maso mumuuza nokha mzunguyo, kapena ndimuuze ine?"

"Mukatero mwandipha."

"Nanga mukakawombera munthu amene waima kumanja kwanu? Mfuti si supuni ya phala."

"Ndikasamala. Chonde, mayi, musandichititse manyazi. Ndagawa kale nyama pamaso pa mpingo."

A Esnath anawayang'ana nthawi yaitali, kenako analowa kukhitchini. Chitseko sanatseke.

Nthawi itakwana, a Lackson anatsegula laputopu patebulo, atavala shati yoyera ngati akupita kukafunsira ntchito. Osborne anaoneka atakhala m'khitchini mwake, kapu ya khofi m'manja, poti kwawo kunali kudakali m'mawa. Anali munthu wa nkhope yopsa ndi dzuwa, wolankhula pang'onopang'ono. Anacheza m'Chingerezi za mphepo ya kumeneko, za nsapato zoyenera, za mtunda umene a Lackson amatha kuwombera osaphonya. Zonse zinkayenda bwino. Kukhitchini kunkamveka mpeni ukudula anyezi, kho, kho, kho.

"Funso limene ndimafunsa aliyense," anatero Osborne. "M'thupi muli bwanji? Mtima, mawondo, maso? Ndiuzeni tsopano, osati tili kutchire."

Mpeni uja unasiya kulira.

A Lackson thukuta linawatsika m'khwapa. Sanacheuke, komabe ankamva kuti akazi awo aima chilili kuseri kwa khomalo, akudikira. Mantha anawagwira kwambiri, kuposa tsiku limene dokotala anawauza za matendawo.

"Ndili bwinobwino," anatero.

Kukhitchini kunakhala zii. Palibe anatuluka. A Lackson anapumira m'mwamba, ndipo pofuna kuthawa nkhaniyo anafulumira kufunsa funso lawo.

"Tsono nyamayo, a Osborne, timainyamula bwanji? Yowuma ndi ayezi, kapena tiifutse kaye? Ndili ndi anthu ambiri oyembekezera kuno."

Osborne anaika kapu pansi. "Palibe amene wakuuzani? Nyama simungalowe nayo ku Britain. Yaiwisi, yofutsa, yowamba, akakulandani pabwalo la ndege. Nyanga n'zotheka, zikakonzedwa ndi mapepala ake. Koma nyama ayi."

"Ngakhale mwendo umodzi?"

"Ngakhale kachidutswa."

Kalanga ine! Miyezi yonse ija bambowa anafufuza za mfuti, za ndege, za nsapato, koma ili lokha sanaliganizire, chifukwa kwa iwo silinali funso n'komwe. Nyama imapita kumudzi, ndi mmene zimakhalira. Anaona nkhope za atsikana aja akuomba m'manja. Anamva mawu a bambo awo akutchula fisi. Akapita, akapha, akadya chiwindi okha m'dziko la eni, n'kubwera ndi nyanga m'sutikesi. Ndiye kuti chiyani? Manyazi ndi chisoni zinawatsikira limodzi.

"Pepani kuti ndakutayitsani nthawi," anatero ndi mawu otsika. "Kwathu munthu sapha nyama imene a kunyumba kwake sadya. Ulendowu watha."

Dzanja lawo linali litagwira kale chivundikiro cha laputopu pamene dzanja lina linawagwira pamkono. Anadzidzimuka. A Esnath anali ataima kumanja kwawo, ndipo a Lackson sanadziwe kuti afika nthawi yanji.

Mayiwo anakoka mpando n'kukhala, akupukuta manja pansalu. Analankhula Chingerezi chawo cha kuwodi, chosapita m'mbali.

"Bambo Osborne, ine ndine mkazi wawo. Kumsasa kwanuko kuli poto ndi mchere?"

Osborne anamwetulira pang'ono. "Zilipo, mayi."

"Nanga nyama yotsala mumatani nayo?"

"Timapereka kwa mabanja osowa m'tauni mwathu muno. Sitaya ngakhale pang'ono."

"Chabwino. Tsopano mvetserani. Amuna angawa akunamizani. Ali ndi glaucoma. Kutsogolo amaona kuposa ine, koma kumanja kwawo saona kanthu. Ndaima pambali pawo nthawi yonse imene mumanena za pabwalo la ndege, sanandione."

A Lackson anatseka maso. Basi, zathera pompa. Anamva ngati avulidwa zovala pamsika, ndipo mumtima anawakwiyira akazi awo koopsa. Bwanji osangosiya ulendowo ufe wokha, ulemu wawo utsale?

Osborne anavula chipewa, anakanda m'mutu, anayang'ana kumbali ngati akufunsa wina amene sankaoneka.

"Ndikanazindikira tili kutchire, ndikanakulandani mfuti n'kukubwezani tsiku lomwelo," anatero potsiriza, nkhope itauma. "Ndili ndi mkazi, a Lackson, ndipo amayenda nafe."

"Ndalakwa," anatero a Lackson, mutu uli pansi.

"Mwalakwadi." Anavalanso chipewa chija. "Ndikhoza kukutengani, koma mwa njira yanga. Dokotala wanu avomere kaye. Mfuti ndinyamula ine, ndidzakupatsani mutagona pansi, nyama ili kutsogolo. Ine ndidzakhala kumanzere. Kumbuyo kwa phewa lanu lamanja kukufunika munthu amene mumamumvera, woti akati imani, muime. Muli naye?"

"Sandimvera," anatero a Esnath, "koma ndibwera."

A Lackson anatembenuza mutu wonse kuti awaone bwino. Awa ndi mayi amene amadana ndi ndege, amene tchuthi chawo chonse amasungira ulendo wa kumudzi kukaona mayi awo.

"Mayi a Nicole, inu? Paminga?"

"Nanga nditani? Mwauza mpingo wonse kuti chiwindi chili ndi mwini wake. Ngati sichingabwere kuno, mwini wakeyo apita komweko." Anabwerera ku Chingerezi. "Tipatseni nambala ya deralo, bambo Osborne, tilembetse lero."

Osborne anatchula nambala, nawakumbutsa kuti maere ndi maere, akhoza osawagwera. Anatsanzikana. A Esnath anatseka laputopu. Mkwiyo wa a Lackson uja unali utasungunuka.

"Nanga abusa ndikawauza chiyani?" anafunsa. "Atsikana aja?"

"Mukawauza zoona Lamlungu, mutaimirira pomwe munaima paja. Za nyama ndi za maso zomwe. Mwendo wa abusa akadya anjala a kumeneko, abusa sangakane. A Levison mudzawapatse nyanga aphike msuzi."

A Lackson anaseka, kuseka kwake kosakanikirana ndi kulira. A Esnath anaimirira, anatenga kabotolo ka mankhwala pashelefu, n'kuwakweza chibwano ndi chala monga amachitira m'mawa uliwonse, ngakhale nthawi yake inali isanakwane. Kenako anazindikira, anaika kabotoloko m'thumba, koma chibwano sanachisiye.

"Mundimvere bwino, a Mlenje," anatero. "Ine ndikayang'ana kumbali, inu mukayang'ane kutsogolo. Ndipo mukalase pachifuwa. Musakandiwonongere chiwindi changa."