Makatoni a Bambo Ochokera ku Springburn

M'mawa uno mwana wanga Tadala amapondaponda katoni ya siriyo, chakudya cha m'mawa chothira mkaka chija, kuti akaitaye, ine n'kumulanda ngati wamisala. "Adadi, ndi zinyalalatu izi," anatero m'Chingelezi chake cha kuno ku Maryhill. Mpaka pano mtima sukukhazikika, ndikungozungulira m'nyumba.

Ndili mwana ku Ndirande, bambo ankatitumizira katundu kuchokera ku Springburn kuno ku Glasgow. Nsapato ndi mankhwala ankazikulunga m'makatoni a siriyo okhala ndi zithunzi za osewera mpira. Makatoniwo ankanunkhira shuga. Ndinkawasita ndi ayironi ya makala, n'kuwabisa pansi pa matiresi kuopa chiswe ndi asuweni anga. Kusukulu ndinkadzitama kuti osewerawo ndi anzawo a bambo.

Atabwera kutchuthi, ataonda, thalauza ikuwakulira, ndinawayalira makatoni onse pamkeka.

"Bambo, mnzanu weniweni ndi uti pamenepa?"

Anayang'ana nthawi yaitali. "Onsewa, mwanawe. Ndimadya nawo m'mawa, masana ndi madzulo."

Ndinalumpha ndi chisangalalo. Amayi anatuluka panja.

Ndadzazindikira imvi zitamera kale kuti bambo anga, zaka zonse zija, chakudya chawo chinali siriyo yomweyo basi.