Usipa wa Abambo

Amayi atamwalira, abambo anasiya kudya. Ankangokhala pakhonde la nyumba yathu ku Mpopoma, kunja kuno kwa Malawi, jekete yawo yakale ya kuntchito ya njanji ili pamapewa, thupi likutha tikuona. Ndikawapatsa mbale ankangotomola, n'kukankha. Ndinkachita mantha kuti tiika maliro awiri chaka chimodzi.

Tsiku lina anati akufuna usipa. Ine wobadwira kuno, kwathu ku Malawi ndimangokumva, ndinakwera kombi n'kukagula kapenta wa ku Kariba. Mumtima ndinkati kansomba ndi kansomba basi. Ndinakazinga bwinobwino. Abambo ananunkhiza kamodzi.

"Iwe, ndati usipa. Uwu ndi mchere wovala maso."

Ndinapsa mtima, koma ndinakalirira kukhitchini.

Kutchalitchi ku Njube ndinadandaulira mayi wina wa ku Ntcheu, yemwe kale ankatibweretsera zitenje ndi mpunga, kenako n'kusiya chifukwa misonkho ya m'malire inkamudyera phindu lonse. Anandiuza kuti wayambiranso geni. Maboma a mayiko oyandikanawa, kudzera m'bungwe lawo la zamalonda, anagwirizana kuti katundu wochepa wa amalonda ang'onoang'ono, wolimidwa kapena wopangidwa m'mayiko momwemu, azilowa mopanda msonkho.

"Pachipata amatichedwetsabe, sisi, koma thumba limafika lathunthu," anatero.

Kunena zoona, akuluakulu a maboma amasuti aja ndikawaona pa TV akugwirana chanza ndinkati akungodya za misonkhano. Sindinkadziwa kuti zimene amasainazo zingafike mumphika mwanga. Lero ndimawathokoza, ngakhale sindiwadziwa nkhope.

Mwezi usanathe mayi uja anagogoda pageti, mapazi atatupa ndi basi yodzera ku Mwanza, Tete ndi Nyamapanda. Anatula kathumba ka usipa, nyumba yonse n'kununkha. Anandiphunzitsa yekha: kudula mitu, kuviika pang'ono m'madzi ofunda, moto wapansipansi.

Abambo anatola kansomba kamodzi, n'kukayang'ana nthawi yaitali. Anatafuna pang'onopang'ono ndi mano awo otsalawo. Anatola kena. Ine ndinaima pakhomo ngati mlonda, osapuma n'komwe. Anamaliza mbale yonse, mpaka kupukuta msuzi ndi chala.

"Baba, kunjani? Usipawu uli bwino?" ndinafunsa mosakaniza ndi chilankhulo cha kuno.

Anasamba m'manja, osandiyang'ana.

"Tomato wachuluka. Mawa uchepetseko."

Chiikireni amayi m'manda, aka kanali koyamba kuwamva akunena za mawa.