Namwino Amene Anatsata Mwezi wa Asodzi

Zakia Yunus anabadwira m'mudzi wa asodzi kufupi ndi Nkope, m'nyumba yachitatu kuchokera pamchenga. Ndinamuphunzitsa Sitandade 6 ndi 7. Sanali mwana wa nambala wani. Masamu ankamuvuta, ndipo kawirikawiri ankafika belu litalira kale, manja akununkha usipa umene ankathandiza mayi ake kuyanika pathandala. Koma mnzake akajomba, iye ndiye ankadziwa chifukwa chake. "Keti akudwala malungo, aphunzitsi." "Swadick nsapato zamuthera, akuchita manyazi." Kaundula anali m'manja mwanga, koma wodziwa kumene kuli mwana aliyense anali Zakia.

Ali Folomu 2, bambo ake a Yunus anagwa m'boti akukoka chilimira, khoka lalikulu lija logwirira usipa. Anzawo anawabweretsa kumtunda pakamwa patapotoka, mkono ndi mwendo wakumanja zitafa. Anakhala masiku anayi basi. Pamaliro anthu anayankhula zambiri. Ena ankati ndi mphepo yoipa ya panyanja, ena ankaloza munthu amene malemuwo anakangana naye za malo oyanikapo nsomba. Zakia anadzamva dzina la chimene chinapha bambo ake patapita zaka zisanu, ali m'kalasi ku sukulu ya unamwino. Kunali kuthamanga kwa magazi, BP, matenda amene amakhala chete m'thupi mpaka tsiku limene agwetse munthu.

Amene anamulera bambo ake atamwalira ndi amalume ake, Che Nasir, mchimwene wa mayi ake. Che Nasir ndi siginala. Siginala amakhala yekha m'kabwato kakang'ono ndi nyali, kukopa usipa ndi kuwala, ndipo ndiye amauza a m'maboti nthawi yoponya khoka. Akalakwitsa iye, anthu khumi amabwerera kumtunda chimanjamanja. Ndi ntchito ya munthu wodalirika, ndipo Che Nasir ankainyadira.

Zakia atamaliza maphunziro, anzake angapo ankadzaza mafomu ofuna ntchito kunja kwa dziko. Iye anatumizidwa pachipatala chaching'ono cha kwawo komweko, ndipo anapita mokondwa. Anapeza ntchito ya unamwino itasintha. Malungo, uchembere ndi kolera zinalipo ndithu, koma BP ndi shuga, matenda amene kale tinkati ndi a mabwana a m'tauni, anali atalowa m'midzi. Dokotala anali kutali, kuboma. Namwino ndiye ankayeza, kulangiza, kupereka mankhwala ndi kulondola wodwala mwezi ndi mwezi, ndipo pakavuta ankaimbira foni dokotalayo. Mkulu wa pachipatalapo, a Jeremiya, anamupatsa kiliniki ya BP ndi shuga, yochitika Lachiwiri loyamba la mwezi uliwonse. Amayi ankabwera mpaka mabenchi kudzaza. Amuna a kudoko, zii.

M'mwezi wa Meyi 2024, akazi a Che Nasir anamuitanira Zakia kuseri kwa nyumba.

"Amalume ako mutu sukuwasiya, kunkhongoku. Ndipo anzawo akuti tsiku lina nyali inawapulumuka m'manja, dzanja lamanja litachita dzanzi. Iwo akuti inali yoterera."

Zakia anabwera ndi makina ake oyezera BP tsiku lomwelo. Anawapeza amalumewo atakhala pakhonde, anawamanga lamba pamkono, n'kudikira. Manambala anaima pa 196 ndi 110. Anayezanso, ndipo sanasinthe kwenikweni. Munthu wabwinobwino safika 140 ndi 90. Anaimbira dokotala, anagwirizana za mankhwala, n'kuwapatsa mapilitsi makumi atatu. M'buku lawo la kuchipatala analembamo bwinobwino tsiku lobwera: 4 Juni.

Pa 4 Juni Che Nasir sanabwere. Pa 2 Julaye sanabwerenso. Mapilitsi anali atatha kalekale. Nthawi iliyonse imene foni yake inkalira m'mawa, Zakia ankaona m'maganizo amuna anayi atanyamula munthu kuchokera m'boti, monga anawaonera ali Folomu 2.

Chapakati pa Julaye anamva kuti amalume abwera. Anawapeza akudya chinangwa chophika, mchere uli pambali m'kasosala.

"Amalume, tsiku lija ndinakulemberani m'buku."

"Tsiku liti, adokotala?"

"Pa 4 Juni. Ndiponso pa 2 Julaye."

"Masiku onse awiriwo ndinali ku Makanjira. Kunali mdima. Usipa suwerenga kalendala yako." Anaviika chinangwa mumchere. "Iwe unabadwira pano, kapena unatsika basi? Siginala amakhala pamudzi mwezi ukawala. Kukada, ndiye kumunda kwathu."

Zakia anazindikira kuti amalume akunena zoona. Zimenezi ankazidziwa kuyambira ali wamng'ono. Mwezi ukakhala wathunthu, kuwala kwake kumaposa nyali, usipa umabalalika, ndipo asodzi amabwerera kwawo kudzasoka makoka. Bambo ake ankawaona pakhomo masiku amenewo okha. Koma zaka khumi ndi zisanu za sukulu zinamuzoloweretsa Januwale mpaka Disembala, ndipo ife aphunzitsi ake sitinamufunsepo za mwezi wa kumwamba.

"Chabwino, amalume. Mwezi ukuwala tsopano. Bwerani mawa, ndikuonani panokha."

"Ayi."

"Chifukwa?"

Che Nasir anayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu. "Siginala akaoneka pabenchi ya chipatala, dzuwa lisanafike pamutu doko lonse ladziwa. A Howard, eni maboti, apeza siginala wina. Ndani angaike anthu ake m'manja mwa munthu wogwetsa nyali? Ndisiye, mwana iwe. Zonse n'za Allah."

"Ndi Allah yemweyo amene anakupatsani mwana wa mlongo wanu kuti akhale namwino," anatero Zakia. Anatenga kasosala ka mchere kaja n'kupita nako kukhitchini.

M'mawa mwake analowa mu ofesi ya a Jeremiya atanyamula kalendala imene anachotsa pakhoma la mayi ake, ija ya kumzikiti yoonetsa masiku a mwezi.

"Bwana, ndikupempha kuti kiliniki ya amuna ichoke pa Lachiwiri. Izichitika mwezi ukakhala wathunthu, ndipo izichitikira kudoko."

A Jeremiya anavula magalasi. "Asisita, kaundula wa boma alibe mzere wa mwezi wa kumwamba."

"Ali ndi mzere wa anthu osabwera, bwana, ndipo wadzaza. Taonani." Anatsegula kaundula n'kumaloza mayina amodziamodzi. "Awa ndi asodzi. Awanso. Awa anamwalira mu Epulo. Lachiwiri lathu lagwera mumdima miyezi itatu yotsatizana."

"Nanga mankhwala? Timapereka a masiku makumi atatu."

"Mwezi wa kumwamba supitirira masiku makumi atatu. Akwanira ndithu."

A Jeremiya anayang'ana kalendala ija nthawi yaitali. Iwonso anali mwana wa msodzi, wa ku Nkhudzi.

"M'mawa umodzi," anatero. "Mukabwerako ndi kaundula wopanda kanthu, nkhani yatha."

Lolemba lotsatira, dzuwa litangokwera pang'ono, Zakia anatsikira kudoko ndi tebulo lopinda, makina, bokosi la mankhwala ndi yunifomu yoyera imene inadetsedwa ndi mchenga asanayambe n'komwe. Pansi pa mkuyu waukulu panali amuna oposa makumi atatu, miyendo atatambasula, makoka ali pamaondo, akusoka. Atawaona anazindikira chinthu china chimene mabuku ake sanalembe. Buku limati munthu akhale pansi mphindi zisanu asanayezedwe. Awa anali atakhala pansi kuyambira m'bandakucha.

Palibe anasuntha.

"Lero sikelo ya ana yafika kuno?" anafuula mnyamata wina wotchedwa Bilal. "Ife katemera tinamaliza, asisita!"

"Mwina akufuna mwamuna," anatero wina. "Kuchipatala kuja amuna ake ndi ofewa manja."

Anaseka onse. Che Nasir anali kumapeto kwenikweni, atawerama pakhoka lawo ngati sakumudziwa. Zakia sanawayang'ane. Analunjika kwa a Howard, bambo wamkulu thupi, mkulu wa mpingo, amene anakhala pampando wa pulasitiki akuyang'anira ntchito.

"Bambo, kwathu kuno mbale imayambira kwa akulu. Ndiyambe ndi inu."

"Ine? Ine sindidwala. Ndili ndi zaka makumi asanu ndi zisanu ndi zitatu, jakisoni sindimudziwa."

"Ndiye muwaonetse anyamatawa mmene magazi a munthu wamphamvu amayendera. Sipalowa singano."

"Akuopa!" anakuwa Bilal. "Abwana akuopa kalamba!"

A Howard anapinda mkono wa malaya mwaukali. Lamba anafufuma, amuna anasiya kusoka n'kuyandikira. Zakia anafuna kuwanong'oneza zotsatira, koma iwo anakana.

"Nenani mokweza, amve onse!"

"168 ndi 102."

"Ndawina?"

"Mwapitirira, bambo. Injini ikulira kwambiri boti lili chiimire. Ikapitiriza chonchi, tsiku lina paipi iphulika. Ndi zimene zinawachitikira bambo anga, a Yunus. Ambiri a inu munawanyamula."

Ena mwa amunawo analidi m'boti lija. A Howard anayang'ana mkono wawo ngati wa munthu wina.

"Ndiye kuti sanalodzedwe?"

"Ayi. Ndipo piritsi limodzi patsiku likanatha kuwasunga."

A Howard anadzuka pampando paja n'kuuloza. "Aliyense wokwera boti langa akhale apa. Bilal, pakamwa pako paja, yamba ndiwe."

Bilal anapezeka ali bwinobwino ndipo anazungulira mkuyu akuvina. Ena asanu ndi awiri anapezeka ndi BP yokwera. Mmodzi Zakia anamutumiza kuchipatala kuti akayezedwe shuga. Wina ankati makinawo akunama chifukwa iye wangodya kumene, anzake n'kumuuza kuti iye amangodya kumene nthawi zonse. Womaliza anali Che Nasir. Anabwera pang'onopang'ono, akupukuta manja pathalauza, n'kukhala pansi osayang'ana munthu. Zakia anawamanga lamba.

"188 ndi 108," anawauza chapansipansi.

Koma a Howard anali ataima pafupi ndipo anamva. Che Nasir anakweza maso.

"Mwamva, bwana. Nenani zimene mukufuna kunena."

"Ndinene chiyani? Ndikakuchotsa chifukwa cha zimenezi, ndiyambe ndadzichotsa ndekha. Siginala ngati iwe ndikamupeza kuti? Imwa mankhwala, ine ndimwa anga, mwezi wa mawa tione amene atsike kwambiri."

"Inu ndi mimba imeneyo? Mwaluza kale," anatero Che Nasir, ndipo kwa nthawi yoyamba m'mawa umenewo anaseka.

Zakia anapereka mapilitsi m'timabotolo totseka bwino, n'kuwauza kuti azisunga m'jumbo momwe amasungira foni kuti isanyowe, azimwa akangofika kumtunda. Anawauza za mchere wapadera uja wa pambali pa mbale, ndi za fodya. M'buku la aliyense analemba deti chifukwa cha kaundula, koma pambali pake anajambula mwezi wozungulira, waukulu bwino. Tsiku limenelo anabwerera kuchipatala ndi masamba awiri odzaza. A Jeremiya anawawerenga ataimirira, kenako anafunsa ngati kalendala ija ingakhale pakhoma la ofesi.

Mu Ogasiti amuna anabwera ochuluka, ena ochokera kumadoko oyandikana nawo. Ya Che Nasir inali 160 ndi 96. Zakia anaimbira dokotala ali pansi pa mkuyu pomwepo, ndipo anawonjezera piritsi lachiwiri. Mu Seputembala anachedwa pang'ono chifukwa kuchipatala kunali mayi wobereka, ndipo anadabwa foni ikulira.

"Adokotala, mwezi wawala, anthu akudikira. Kapena kalendala yanu yasochera?"

Anali amalume ake.

Mu Okutobala kunabwera ophunzira unamwino anayi ndi mphunzitsi wawo kudzaona kiliniki ya pamchenga imene anamva mbiri yake. Anaima pamthunzi ndi makope awo. Che Nasir ndiwo ankandandalitsa anthu pamzere, akukalipira aliyense wobwera akuthamanga kuti ayambe wakhala pansi apume. Nthawi yawo itakwana anakhala pampando wa pulasitiki uja, n'kupereka mkono umene unagwetsa nyali. Lamba anafufuma, n'kuphwa. Zakia anayang'ana manambala, anayezanso kachiwiri, kenako anatembenuzira makina kwa amalume ake kuti adzionere okha.

"134 ndi 84."

"Alhamdulillah," anatero Che Nasir. Ndiye anatembenuka n'kukuwa doko lonse limve: "A Howard! Yanu inali bwanji?"

"146," anayankha a Howard monyinyirika.

Doko linaphulika ndi phokoso. Bilal anaimba chigubu cha mafuta ngati ng'oma, amayi a pamathandala anaimba nthungululu osadziwa n'komwe kuti wawina ndani. Zakia anawerama ngati akufuna kanthu m'bokosi la mankhwala, ndipo anakhalitsa momwemo. Mmodzi wa ophunzira aja anafunsa Che Nasir kuti njira imeneyi anaibweretsa ndi a bungwe liti.

"Bungwe?" anatero iwo. "Uyu ndi mwana wa Yunus. Anangokumbukira kwawo."

Patapita masiku anayi mdima unayambanso. Che Nasir anamanga jumbo yawo, foni ndi timabotolo tiwiri zili m'kati, n'kukwera boti la ku Makanjira, nyali ili m'dzanja lamanja.