Ndinamupatsa Machesi Pagulu

Anzanga, tsiku limene ndinamuona koyamba analowa mu shopu yathu atakumbatira sitovu ya gasi ngati mwana wodwala, tepi ya utelala ili m'khosi. Ine ntchito yanga ndi yokonza masitovu, ndiye vuto ndinalipeza msanga.

"Kabatani koyatsira kafa, achemwali. Koma sitovuyi ndi yabwinobwino. Muzingoyatsa ndi machesi."

"Sindiyatsa machesi," anatero, maso ali pa sipanala yanga.

Ine ndi pakamwa pangapa ndinaseka. "Aaa, munthu wamkulu chonchi?"

Iye sanaseke.

"Ndili ndi otizimu. Ubongo wanga umamva zinthu mopitirira muyeso. Kulira kwa machesi kumandilasa m'makutu, fungo lake limanditsamwitsa, ndipo motowo umabuka pafupi ndi zala. Masiku atatu ndikudya buledi yekha. Mukonza, kapena ndipite kwina?"

Manyazi anandigwira mpaka kumapazi. Kabatani ndinasintha nthawi yomweyo, sitovunso ndinamunyamulira mpaka kwawo. Mawa lake ndinapita kukaona ngati ikuyaka. Mkuja wakenso chimodzimodzi.

"Sitovu ikuyaka," anandiuza tsiku lachinayi. "Inuyo mukubwerera ine. Ingonenani."

Telala wanga anali choncho, sazungulira. Nthabwala zanga ankazipatsa mamakisi.

"Pa khumi zilizonse, zoseketsa ndi zitatu."

"Nanga ukukhaliranji nane?"

"Chifukwa ukamalowa umagogoda kaye, ndipo sundigwira mondidzidzimutsa. Ndimakukonda. Ndaganiza milungu iwiri, ndatsimikiza."

Anzanga, ndinabwerera kunyumba ndikumwetulira ngati chitsiru!

Patapita miyezi itatu anaimitsa makina osokera n'kunena, "Ndikufuna kuphunzira kuyatsa machesi. Koma usauze munthu. Kusukulu anzanga ankandiyatsira kumbuyo kwa khutu kuti andione ndikukuwa."

"Sindidzauza aliyense. Promise."

Lamlungu lililonse masana tinkakhala pakhonde lakuseri, awiriwiri. Beseni la madzi pakati pathu, iye thonje m'makutu. Kamtengo ka machesi ndinkakapanitsa pa pegi yoyanikira zovala kuti moto uzikhala patali ndi zala zake. Milungu isanu yoyamba ankangokhwekhweza timitengo topsa kale. Masiku ena ankati, "Lero ayi," ndipo tinkangomwa tiyi.

Ndiye Lamlungu lina... anawerenga mpaka katatu, n'kukhwekhweza kenikeni. Kanayaka!

Anakagwira kanthawi kochepa, n'kukaponya m'beseni.

"Waona?" anafunsa, akulira ndi kuseka nthawi imodzi.

"Ndaona, wanga. Ndaona."

Nanenso misozi inatsika, mwamuna wamkulu ndi ndevu zanga. Sindinanyadirepo munthu ngati tsiku limenelo.

Kunyadako ndi kumene kunandipha.

Patapita milungu iwiri amayi anga anakwanitsa zaka 60. Pabalaza panadzaza: azichemwali anga atatu, amuna awo, wailesi ikulira. Telala wanga anavomera kubwera ngakhale phokoso limamutopetsa, ndipo anakhala pakona pafupi ndi chitseko. Amayi anamukonda, amvekere, "Mpongozi wanga ndi wofatsa, osati mwana wanga wolongololayu."

Keke inabwera ndi makandulo ake.

"Machesi ali ndi ndani?" anafunsa achemwali anga aakulu.

Anzanga, mtima wanga unadumpha. Ndinkafuna aone zimene ine ndinaona pakhonde paja. Sindinaganize n'komwe.

"Dikirani kaye! Ayatse mlamu wanu. Moyo wake wonse wakhala akuopa machesi, koma ndamuphunzitsa ine!"

Ndinamuika bokosi m'manja. Panalibe pegi, panalibe thonje, panalibe beseni. Anthu anayamba kuwomba m'manja, mafoni m'mwamba.

"Yatsa! Yatsa! Yatsa!"

Iye anangouma, akundiyang'ana. Munthu amene kawirikawiri sayang'ana anthu m'maso anandiyang'ana ine.

Alamu anga ena, pofuna kuthandiza, anatulutsa machesi awo n'kuyatsa pafupi ndi nkhope yake. "N'zosavuta, mlamu, umangotere!"

Telala wanga anakuwa. Bokosi linagwa, timitengo mbwee pansi. Anatseka makutu ndi manja n'kuthawira panja. Wina anaseka.

Ndinamupeza pa siteji ya basi, atakhala pansi, akudziyendetsa kutsogolo ndi kumbuyo. Nditayandikira anakweza dzanja kuti ndisamugwire. Ndinaima pataliko mpaka anakwera basi.

Mawa lake ndinapita kumene amasokera. Anali akupinda mpendero wa siketi.

"Pepa, wanga. Ndimafuna aone kuti ndiwe wolimba mtima."

"Ndikudziwa kuti sunafune kundipweteka."

"Ndiye undikhululukire..."

"Ndakukhululukira," anatero, mawu ali phee. "Koma sunanene chifukwa chokwiya. Unanena chifukwa chokondwa, ndipo iweyo umakondwa tsiku lililonse. Ndikakhala nawe pagulu ndizingoyang'ana pakamwa pako, ndikudikira kuti unenanso chiyani. Sindingakwanitse, ndingatope."

"Ndisintha, ndikulumbira!"

"Mwina usintha. Koma ine mantha andilowa kale. Usabwerenso, chonde."

Anadula ulusi n'kupitiriza kusoka. Ndinadziwa kuti nayenso zikumuwawa.

Anzanga, ine sindinayende ndi mkazi wina, sindinamutukwane, sindinamuchotsere ulemu mwadala. Munthu akakuululirani chimene amaopa, musungireni, ngakhale chimwemwe chikuyabweni lilime bwanji. Nkhaniyi ndailemba atandilola yekha pa meseji. Anayankha kuti, "Lemba, mwina ithandiza ena. Zikomo pofunsa."

Papita miyezi isanu, ndipo ndimamusowa tsiku lililonse. Chimene chimandiwawa n'chakuti kufunsako sikunanditengere ngakhale mphindi imodzi, koma ndinafunsa atapita kale.