Maluwa a Mayi Zinca pa Tsiku Lokumbukira Ufulu

Mayi Zinca Fieraru anakalambira pachipata cha yunivesite ina ku Romania akugulitsa maluwa. Anali Mromani, wa mtundu wa anthu umene unkanyozedwa m'dzikomo, ndipo makolo awo akale anali akapolo, ogulitsidwa ngati ng'ombe. Maluwawo ndiwo ankaphunzitsa mwana wawo Ilinca payunivesite yomweyo, koma mtsikanayo ankawadutsa ngati sakuwadziwa, kuopa kunyozedwa ndi anzake. Mayiwo sankamuitana. Ankangomusuzumira kuti aone ngati wavala jekete kukamazizira.

Chaka china, pa 20 Febuluwale, ophunzira anakonza mwambo wokumbukira kutha kwa ukapolo wa Aromani. Mayi Zinca anatseka malonda, nanyamula ndowa ya maluwa oyera kupita kuholo komwe kunkachitikira mwambowo.

"Kuno si kumsika, amayi," anatero mlonda wapakhomo.

"Ndikudziwa, bambo, lero sindikugulitsa. Amene anamasulidwawo ndi makolo anga, ndiye ine nditsale panja?"

Ilinca anawamva ali mkati. Anatuluka, nalandira ndowayo, nauza mlondayo kuti, "Awa ndi mayi anga."

Mayi Zinca analowa nagawira aliyense duwa, ndi mlonda yemwe. Chaka chotsatira Ilinca ndiye anatsogolera mwambowo, ndipo analonjera anthu m'Chiromani, chinenero cha makolo ake.